KODI OOMBA NSALU ATHU ANAPITA KUTI?

Loweruka likudzali, mukapita ku msika wa ku Mtendere, taimani pang'ono pa matebulo a salaula. Tengani malaya amodzi muone kakalata kamene kali pakhosi pake. Mudzawerenga maina a maiko akutali: China, Bangladesh, Turkey, India. Pitani kwa atelala amene asoka zitenge pafupi pomwepo, muwafunse kumene nsalu zao zicokera. Mukatero dzifunseni funso ili: pa zobvala zonse zimene ndiri nazo, kodi ciripo ngakhale cimodzi cimene nsalu yake inaombedwa ndi manja a munthu wa dziko lino?

Ambiri a ife tinakula ndi maganizo akuti nsalu inabwera ndi azungu, ndi kuti makolo athu anali kubvala zikopa ndi nyanda cabe. Zikopa zinalipodi, nayonso nyanda, imene anali kuisula kucokera ku khungwa la mitengo monga mombo. Koma nkhani siithera pamenepo ai. Makolo a anthu olankhula Cinyanja anali kulima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu zimene zinali kugulidwa ndi anthu akutali. Tiyeni tione kumene luso limeneli linafika, cimene cinalipha, ndi zimene oomba nsalu a maiko ena anacita pamene nao anaona mabvuto ofanana.

Umboni wocokera m'manda

Tiyambe ulendo wathu kumwera kwa Lusaka, ku cigwa ca Zambezi, kufupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu uthira m'Zambezi. Pamene damu la Kariba linamangidwa, Atonga ambiri anasamutsidwira ku dera limeneli. M'caka ca 1960 anchito a boma anali kukumba pa kaphiri kena kuti aikepo thanki ya madzi, ndipo anafukula mafupa a anthu. Malowo achedwa Ingombe Ilede, kutanthauza ng'ombe yogona m'Citonga. Akatswiri ofukula zakale, poyamba J. H. Chaplin ndipo pambuyo pake Brian Fagan, anapezapo manda a anthu olemera amene anaikidwa ndi mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa, zibangiri ndi mikanda ya galasi yocokera kutsidya kwa nyanja yamcere.

Golideyo ndiye anachukitsa malowo, koma cimene cikhudza nkhani yathu ndi tizidutswa ta nsalu timene tinapezeka pa mafupawo. Nsalu siikhalitsa m'nthaka, pakuti ciswe ndi cinyezi ziidya msanga. Koma pamene nsalu inakhudzana ndi zibangiri za mkuwa, dzimbiri la mkuwa linaiteteza kuti isaole. Pamalo omwewo panapezekanso timapale tozungulira toboola pakati, timene opota thonje aika ku kamtengo kopotera kuti kazizungulira bwino. Timapale timeneti tisonyeza kuti anthu a pamenepo sanali kugula cabe nsalu kwa alendo, koma anali kupota okha ulusi. Kupima kwatsopano kumene kunalengezedwa m'caka ca 2017 kunasonyeza kuti manda olemerawo ndi a pakati pa kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 ndi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1600. Pa nthawi imeneyo Lusaka kunalibe, njanji kunalibe, koma thonje linali kupotedwa kale m'dziko lino.

Macila, nsalu imene inali ngati ndalama

Apwitikizi atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500, anali kubweretsa nsalu za ku India kuti agulire golide ndi minyanga ya njobvu. Koma anapeza kuti anthu a m'mbali mwa Zambezi ali nayo nsalu yaoyao, yokhuthala ndi yolimba, yochedwa macila. Yambiri inali kucokera kumpoto kwa mtsinjewo, ku dziko la Amaravi, makamaka ku cigwa ca Shire kumene kunali Amang'anja. Amalonda a Cipwitikizi anayamba kugula macila ndi kukagulitsa kumwera, ku dziko la Mwene Mutapa, posinthanitsa ndi golide. M'minda ikuluikulu ya Apwitikizi ya m'mbali mwa Zambezi, alimi anali kupereka msonkho wao ndi macila. Munthu amene anali ndi nsalu zimenezi anali ngati ali ndi ndalama m'thumba.

Mau akuti macila mumawadziwa. Lero titati macila tiganiza za conyamulira wodwala ku cipatala. Kale nsalu yolimba imeneyi anali kuimangirira ku mtengo wautali, anthu nanyamuliramo munthu paulendo. Nsalu inatha, koma dzina lake linatsalira pa conyamuliraco.

M'caka ca 1831 Apwitikizi awiri, Monteiro ndi Gamitto, ananyamuka ku Tete kupita kwa Mwata Kazembe ku Luapula, nadutsa m'dziko la Amaravi ndi Acewa. Gamitto analemba za thonje limene Amaravi anali kulima ndi nsalu zimene anali kuomba. Ndipo m'caka ca 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire, naona midzi ya Amang'anja mmene pafupifupi banja liri lonse linali ndi kamunda ka thonje. Anapeza mitundu iwiri: thonje manga, ndilo lacilendo, ndi thonje kadja, la komweko. La kadja linali ndi ubweya waufupi, logwirika ngati ubweya wa nkhosa, ndipo anthu anali kulikonda kamba kakuti nsalu yake inali yolimba. Livingstone sanali mlendo pa nkhani ya thonje. Iye anayamba kugwira nchito m'fakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland ali ndi zaka 10, kulumikiza ulusi woduka kuyambira m'mamawa mpaka usiku. Munthu wotere poyamikira thonje la Amang'anja anali kudziwa cimene anena.

Mmene anali kuombera

Mwina mudzadabwa kumva kuti kupota ndi kuomba nsalu, ngakhale kusoka kumene, inali nchito ya amuna makamaka. Bambo anali kukhala pa bwalo, akuceza ndi anzake, uku manja akucotsa njere m'thonje. Atalimasula bwino, anali kulipota ndi kamtengo kokhala ndi kagudumu ka mtengo kapena ka cigoba ca fulu. Alice Werner, amene anakhala ku dera la Blantyre wa ku Malawi kuyambira 1893, analemba dzina la copotera cimeneci: njinga. Inde, mau omwewo amene lero tichulira njinga yopalasa. Anthu ataona gudumu lacilendo likuzungulira, analipatsa dzina la cinthu cozungulira cimene anali kucidziwa kale.

Coombera cake sicinali ca citsulo kapena codula. Woomba anali kukhoma zikhomo zinai pansi, namangirira mitengo iwiri yopingasa, wina uku wina uko. Pakati pa mitengoyi anali kuyala ulusi wa m'litali, mizere yambirimbiri yoyandikana. Ulusi wina uli wonse waciwiri anali kuukoleka ndi tizingwe ku ndodo imodzi, kuti ugawike pawiri, wina pamwamba wina pansi. Pa mpata umene watsegukawo anali kupititsapo ulusi wopingasa, kenaka ndi thabwa lopyapyala naumenya kuti uthithikane ndi unzake. Akasinthanitsa ulusi wapamwamba ndi wapansi, apititsanso wopingasa, namenyanso. Tamverani mau amene tinena: kuomba nsalu, monga kuomba m'manja. Nsalu imodzi inali kutenga masiku ambiri, osawerengera nthawi yolima, yokolola ndi yopota. Ici ndico cifukwa cake nsalu inali ya mtengo wapatali, ndipo osauka ambiri anali kubvalabe nyanda.

Cimene cinapha luso limeneli

Yankho lofulumira ndi lakuti nsalu za m'mafakitale zinabwera zochipa. Cimeneci n'coona. Kuyambira m'zaka za m'ma 1830 zombo za ku America zinali kutsitsa ku Zanzibar nsalu yoyera imene anthu anaicha merikani, ndipo amalonda Aciyao ndi Aluya anali kuitengera m'kati mwa dziko. Pambuyo pake kunabwera nsalu za ku Manchester ndi ku Bombay. Koma olemba mbiri amene anafufuza za cigwa ca Shire, monga Elias Mandala wa ku Malawi, asonyeza kuti anthu anakumana ndi zoopsa zoposa pamenepo. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1860 nkhondo za ogwira akapolo zinasakaza midzi ya Amang'anja, ndipo mu 1862 ndi 1863 kunagwa cilala ndi njala yaikulu. Livingstone atabwereranso ku Shire mu 1863 anapeza mabwinja ndi mitembo pamene kale panali minda ya thonje. Munthu wothawa nkhondo sakhoma zikhomo pansi kuti akhale masiku ambiri pa nsalu imodzi, ndipo wanjala ayamba wafuna cakudya.

Atsamunda atafika, anaika msonkho wa nyumba umene unali kulipidwa ndi ndalama. Thonje anali kulifuna, koma laliwisi, loti likapotedwe ku Ulaya. Amuna, amene ndiwo anali oomba nsalu, anayamba kupita ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, ndipo pambuyo pake ku Copperbelt. Pobwerera anali kubwera ndi nsalu za m'sitolo m'masutukesi. Mnyamata amene akanakhala pambali pa amalume ake kuphunzira kuyala ulusi anali ali kutali. Okalamba ocepa anapitiriza kuomba kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, koma pamene anali kumwalira, luso linali kuikidwa nao pamodzi. Apa pali phunziro lalikulu la nkhani yathu. Luso la manja silikhala m'buku. Likhala m'zala za munthu, ndipo m'badwo umodzi ukalephera kuphunzira, latha.

Mafakitale athu ndi salaula

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linafuna kuti Zambia izidzipangira yokha nsalu. Kafue Textiles inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo Mulungushi Textiles ya ku Kabwe, yomangidwa ndi thandizo la dziko la China, inayamba kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Funsani amai anu kapena ambuya anu za zitenge za ku Kafue ndi za Mulungushi, adzakuuzani. Alimi a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi anali kulima thonje, ndipo lina linali kusanduka nsalu m'dziko momwemuno.

Kuyambira 1991 malamulo a malonda anamasulidwa, ndipo mabelo a salaula analowa ambiri. Mau akuti salaula ndi a Cibemba, kutanthauza kusankha pofukula mulu. Tisanamizane, salaula inabveka anthu ambiri amene sakanatha kugula zatsopano, ndipo inapatsa nchito amai ndi anyamata ambiri m'misika ya Soweto, Matero, Chawama ndi kwathu kuno. Koma mafakitale analephera kupikisana nayo pamodzi ndi nsalu zochipa za kunja. Ya ku Kafue inatsekedwa, ndipo makina a ku Mulungushi anaima mu 2007. Motero thonje lathu lambiri linayambanso kutuluka laliwisi, monga m'masiku a atsamunda.

Zimene oomba nsalu a kwina anacita

Bvuto la makina silinagwere ife tokha. Koma m'maiko ena oomba nsalu anali ndi cida cimodzi cimene cinawathandiza: kabungwe.

Ku London kuli bungwe la oomba nsalu limene linalandira cikalata ca mfumu Henry II m'caka ca 1155, ndipo likalipobe mpaka lero. Mabungwe otere anali kuyang'anira zinthu zitatu. Coyamba, kuphunzitsa: ku England mnyamata anali kukhala zaka 7 pansi pa mmisiri asanaloledwe kudziimira. Caciwiri, ubwino wa katundu: woomba nsalu yacinyengo anali kulipitsidwa, cifukwa mbiri yoipa ya mmodzi iononga malonda a onse. Cacitatu, kuthandizana pa matenda ndi pa maliro.

Citsanzo cimene cifanana kwambiri ndi ife ndi ca mudzi waung'ono wa Fenwick ku Scotland. M'caka ca 1761 oomba nsalu a m'mudzimo anasonkhana nalemba pangano lakuti adzakhala okhulupirika wina kwa mnzake ndi kwa ogula, adzacita nchito yabwino, ndipo sadzakweza kapena kutsitsa mtengo mopitirira umene anthu anazolowera. Anayamba kusonkha ndalama zothandizira osowa pakati pao. Mu 1769 anayamba kugula cakudya cambiri pamodzi ndi kugulitsana pa mtengo wotsika, ndipo mu 1808 anatsegula nyumba yobwereketsa mabuku. Pambuyo pake, mu 1844, ku Rochdale ku England, anthu 28, ambiri a iwo oomba nsalu amene makina anawasaukitsa, anatsegula kasitolo kao pa mseu wa Toad Lane. Malamulo amene anaika, monga lakuti membala ali yense ali ndi voti imodzi ngakhale ali wolemera kapena wosauka, ndiwo anakhala maziko a makopaletivu pa dziko lonse, kuphatikizapo a alimi athu kumudzi.

Ku India, Mahatma Gandhi analimbikitsa anthu kupota ndi kuomba nsalu yao yochedwa khadi monga njira yokanira ulamuliro wa Angerezi, ndipo mu 1925 anakhazikitsa bungwe la opota thonje la dziko lonse. Kuyambira 2015 dziko la India likumbukira oomba nsalu pamanja pa 7 August caka ndi caka. Ku Ghana, m'midzi monga Bonwire, ana aphunzira kuomba nsalu ya kente kwa akulu ao, ndipo mu 2024 bungwe la UNESCO linaika luso limeneli pa mndandanda wa cuma ca cikhalidwe ca anthu onse. Ku America ndi ku Ulaya aliko anthu ambiri amene aomba nsalu pongozikonda, akaweruka ku nchito. Nao ali ndi timabungwe tao mmene akumana, kubwerekana zoombera ndi kuphunzitsa atsopano.

Mwaona kusiyana kwake? Kumene luso linakhala ndi gulu lolisunga, ngakhale malonda anacepa, cidziwitso sicinatayike.

Nanga ife a ku Mtendere?

Musaganize kuti zala za anthu a dziko lino zinaiwala zonse. Amene aluka mphasa, mikeka, zisero ndi madengu agwiritsa nchito nzeru yomweyo ya kupititsa cimodzi pamwamba, cina pansi. Madengu a Atonga ndi a makenge a ku Mongu adziwika mpaka kunja. Pa Kabwata Cultural Village, pamene nyumba 43 zozungulira za nthawi ya atsamunda zinasungidwa mu 1974, amisiri asema ndi kuluka pamaso pa ogula. Ku komboni ya Ng'ombe, amai amasiye a gulu la Chikumbuso anachuka ndi zikwama zoluka ndi mapulasitiki otayidwa. Mlongo wanu amene aluka tsitsi ndi amai amene aluka juzi ndi singano ziwiri ali nazo kale zala za woomba nsalu.

Kuyamba sikufuna ndalama zambiri. Pemphani kalipentala wa ku Kalingalinga kapena wa m'komboni mwathu akukhomereni matabwa anai ngati felemu ya zenera, mkono umodzi m'litali. Khomani misomali ing'onoing'ono m'mizere pa thabwa lapamwamba ndi lapansi, motalikirana ngati m'lifupi mwa cala. Yalani ulusi wolimba kucokera ku msomali wapamwamba kufika ku wapansi mpaka felemu yonse itadzaza. Pitani kwa atelala mukapemphe zidutswa za zitenge zimene ataya, muzing'ambe m'timizere. Pititsani kamzere pamwamba pa ulusi woyamba, pansi pa waciwiri, pamwamba pa wacitatu, mpaka kumapeto; pobwerera musinthe. Thithikizani ndi cipeso kapena foloko. Cenjerani ndi cinthu cimodzi cimene cigwetsa oyamba onse: mukakoka kwambiri copingasa, nsalu idzacepa pakati ngati ciuno ca mabvu. Cisiyeni cigone momasuka musanacithithikize. Masana awiri kapena atatu mudzakhala ndi copondapo ca pakhomo kapena coyala pa tebulo.

Sitifuna kukunamizani. Nsalu yoomba pamanja siingapikisane ndi salaula pa mtengo, ndipo amene ayamba lero poganiza kuti mwezi wamawa adzalemera adzakhumudwa. Zimene zigulika ndi zimene makina sapanga mofanana: zikwama, zopondapo, zoyala pa tebulo, malamba, mipango. Ena mwa inu mudzapezapo ndalama ya mabuku a sukulu. Ena mudzapezapo mpumulo wa mtima cabe, ndi cocita ca masana m'malo mokhala pa kona ya mseu. Zonse ziwiri n'zabwino. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo coombera ciphunzitsa kudekha kuposa mphunzitsi wina ali yense.

Koma musayambe nokhanokha. Mutu umodzi susenza denga. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi a m'gulu lanu akwana. Pemphani akulu a mpingo malo okumanirapo kamodzi pa sabata. Lembani pangano lanu monga anacitira a ku Fenwick: kodi cosonkha ndi zingati, asunga ndalama ndani, mtengo wa katundu muugwirizana bwanji, ndipo mucita ciani ndi nchito yosaoneka bwino? Ndalama zisungidwe ndi anthu awiri, ndipo buku liwerengedwe pamaso pa onse, pakuti timabungwe tambiri tifa ndi kukaikirana pa ndalama. Ikaninso lamulo ili, limene makolo athu analibe mwai wolisunga m'masiku a nkhondo ndi njala: ali yense amene wadziwa aphunzitse mmodzi watsopano caka cisanathe.

Cotsiriza, fulumirani kwa okalamba. Ngati muli ndi ambuya kuno kapena kumudzi ku Katete, Chadiza kapena Nyimba, akhazikeni pansi muwafunse ngati anaonapo munthu akusula nyanda kapena kupota thonje, mitengo imene anali kucotsako utoto, ndi maina a zipangizo zake. Lembani zimene adzakuuzani, ndi dzina la mudzi ndi tsiku. Zina mwa zimenezo sizinalembedwe m'buku liri lonse, ndipo mukacedwa caka cimodzi mungapeze wokuuzani palibe.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Kodi ndi luso liti la manja limene ambuya anu anali nalo koma makolo anu alibe? Linatayika bwanji?
2. Kale kuomba nsalu inali nchito ya amuna. Nanga n'cifukwa ciani anyamata ena lero acita manyazi ndi nchito ya ulusi?
3. Gulu lanu likadalemba pangano monga la oomba nsalu a ku Fenwick, ndi malamulo atatu ati amene mukadayamba nao?